Bele la Dona ndi kalata ziwili

Ine ndine Rosa, mlongo wamkulu wa Kalisto, uja wa kavalo. Mukafika kuno ku Luembe musavutike kufunsa dzina la mudzi, ingonenani kuti kwa kavalo, ngakhale nkhuku ikulozelani. Sukulu ndinaionela pawindo chabe. Zilembo mukuwelengazi ndinazitola ndili kale ndi imvi, ku kalasi ya azimai ya ku chalichi. Mukaona pena pakhota dziwani kuti ndi dzanja, nkhaniyo ndi yowongoka. Kapena ndinene kuti ndi yowongoka mmene ine ndinaimvela, pakuti pali zina mpaka lelo mutu wanga ukuzikana.

Kavaloyo dzina lake ndi Dona. Kalisto anamutenga ali kamwana, chaka chija boma linagulitsa mafamu ake ndi zonse zinali momwemo. Anzake anathamangila malata, mawilibala ndi mapaipi. Mlongo wanga anabwela akukoka chinyama chosalima, chosakamidwa, chosadyedwa.

Ndinamufunsa, "Kalisto, mutu uli bwino?"

Iye ati, "Mana, kanunkhizeni pakhosi pake, mumva atate."

Mana ndi mmene amandiitanila, ndi mawu a kwathu kutsidya, ku Mozambique, kumene tinathawa nkhondo. Atate athu kumeneko ankasamala akavalo a Mpwitikizi wina, ndipo ankafika panyumba akununkha thukuta la kavalo. Ndinanunkhiza. Ndinamva atate. Sindinanenenso kanthu tsiku lonse, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti zotele sizichitika kawilikawili.

Dona anakula mpaka kuyamba kukalamba alibe mwana, chifukwa mwamuna wa mtundu wake kuno kulibe. Kalisto atamva kuti ku Msanzala, mbali ya Petauke, kuli mlimi wina ali ndi kavalo wamphongo, anayenda naye wapansi masiku anai kukamukwatitsa. Bele linagwila. Litafika miyezi isanu ndi itatu, Dona anayamba chimfine, mamina kuyendelela, ndipo m'mawa wina tinapeza kamwana pansi, kathunthu, ndi tiziboda take, kosapuma. Abulu awili a m'mudzi anatayanso mabele mwezi womwewo. Kalisto anakumba dzenje lakuya ngati la munthu.

Kumayambililo kwa 2010 anabwelelanso ku Msanzala. Mwini wa mphongo anamuuza mosabisa kuti kavalo wako wakula, bele ili likapita usadzavutikenso kubwela. Ndiye mumve bwino: m'mimba mwa Dona munali mwana wotsiliza. Akafa ameneyo, fungo la atate latha m'banja mwathu.

Mu Julaye kunabwela Christabel, mwana wa Kalisto, amene amagwila nchito ku Lusaka kopima magazi a ziweto. Anakoka magazi a Dona m'kabotolo, kenako tinakhala pansi pa mango tikuswa nsawa.

"Atate, ndiganiza kuti ndi matenda ochedwa hepisi wa akavalo," anatelo Christabel. "Kachilombo kake sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha, kugona phee. Nyama ikatopa, kapena ikavutika ndi ulendo, kamadzuka. Kangathenso kubwela katsopano kuchokela kwa abulu."

"Kogona timakapha kali m'tulo," ndinatelo ine. "Mbewa timatelo."

"Kumene kagona mankhwala safikako, azakhali."

"Nanga tichite bwanji?" anafunsa Kalisto.

"Pali katemela, amathandiza koma sateteza zonse. Ndikamupeza ndibwela naye. Chachikulu, Dona asayende ulendo, asasakanizike ndi abulu." Anaswa nsawa ziwili zitatu, nati, "Kunja asayansi akuyesa njila ina yatsopano. Kachilomboka kakadzuka kamatumiza tiuthenga m'kati mwa thupi, tinene kuti tikalata, tolamula thupi kuti lipange tizilombo tinzake. Mankhwala amenewo sapha kachilombo iai. Amagwila kalatayo panjila ndi kuing'amba isanafike. Kachilombo kalipo, koma mawu ake samveka."

Ine ndinasiya nsawa. "Dikila. Kachilombo kamalemba?"

"Ndi fanizo chabe, azakhali."

"Kanaphunzila kuti? Ine zaka makumi asanu ndi limodzi ndikulimbana ndi dzina langa, kanthu kosaoneka ndi maso kakulemba makalata mumdima wa m'mimba?"

"Sikuti ndi pepala."

"Ndiye ang'amba chiani?"

Christabel anayang'ana atate ake ngati wopempha madzi. Kalisto anafunsa za nzelu, ati mankhwalawo agulitsa kuti. Mwana ati sagulitsa pena paliponse, akali kuwayesa m'mambale ndi pa mbewa, ndi pa akavalo owelengeka. Ine ndinasokonezeka kwambili. Mankhwala alipo koma kulibe. Kalata ilipo koma si pepala. Kachilombo kamoyo koma kosalankhula. Christabel anawonjezela mawu ena, akuti chovuta ndi chakuti mankhwalawo ayenela kuidziwa kalatayo bwinobwino, chifukwa akaphonya ang'amba kalata ya thupi lenilenilo. Koma pamenepo ine ndinali nditanyamuka kuthamangitsa nkhuku imene inalowa m'lichelo. Mawu amenewo ndinawamva ndi khutu la kumbuyo.

Tsopano ndikuuzeni za nchito yanga. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pachigayo. Mwini chigayo ndi Bonaventure, mng'ono wa malemu amuna anga, mlamu wanga amene ndimamuuza tsiku lililonse kuti akanakhala ndi mano onse ndikanamulola kulowa chokolo. Makalata onse a dela lino amafikila pachigayo chimenecho. Oyendetsa malole ochokela ku Nyimba amawaponya pamenepo, Bonaventure amawaika m'chitini cha mafuta ophikila, ndipo aliyense wopita mbali ya mwini kalata amatengelako. Mafoni analipo kale, koma ya Kalisto inkagwila pokhapokha atakwela pachulu cha kuseli kwa sukulu, ndipo nthawi imeneyo batile yake inali itatupa ngati chule.

Kumayambililo kwa Seputembala kunabwela pachigayo amai Esnart, akazi a aStanislaus Sakala, akuseka okha.

"Amai Rosa, mwamva? Tiwonge wathu akwatiwa kumapeto kwa mwezi. Ukwati ku parishi, ku Nyimba. Atate ake ati mkwatibwi sakwela lole ya thonje ngati thumba. Akwela ngolo yokokedwa ndi kavalo, ngolo za abulu zonse pambuyo, ndondondo mpaka ku boma."

"Kavalo wa ndani?"

"Aa, kuli akavalo angati kuno? Kalata akulemba."

Ndinamva chitumbuwa chikuuma m'kamwa. Ulendo wa tsiku lathunthu, dzuwa la Seputembala, bele la miyezi isanu ndi iwili, abulu khumi akupumila kumbuyo kwake. Zonse zimene Christabel analetsa, zomangidwa mtolo umodzi.

Mwina muti, bwanji osangokana? Simuwadziwa aSakala, ndipo simumudziwa Kalisto. Nkhondo itatha, anzathu atabwelela kwawo, ife amene tinatsala tinalibe pokhazika khasu. Munda umene timadya mpaka lelo anatidulila ndi bambo wawo wa aSakala. Chiyambile pamenepo Kalisto sananenepo iai kwa munthu wa banja limenelo. Atamupempha mwendo angafunse kuti wakumanja kapena wakumanzele.

Koma aSakala nawonso ali ndi matenda awo. Iwo anali kalaliki wa kopaletivu. Kopaletivu inafa pamene anati aliyense azigulitsa chimanga chake kumene afuna, koma chidindo chinatsala m'thumba mwawo. Munthu ameneyu ngakhale kubweleka nkhwangwa amalemba kalata, kuika mu envulopu ya khaki, kudinda chidindo chofiilila pamwamba, kukasiya pachigayo. Ndipo sapempha kawili. Kalata yawo ikapanda kuyankhidwa amatupa mwezi wathunthu, koma sabweleza.

Ndipamene mankhwala a Christabel anandilowa m'mutu. Ndinati, a-a! Kansi ndi zimenezi? ASakala sindingawaphe. Kalisto sindingamusinthe. Koma kalata iyenela kudutsa pamphuno panga. Asayansi akali kuyesa pa mbewa, ine Rosa ndiyesa pa aSakala.

Lolemba lotsatila ndinasuzumila m'chitini, Bonaventure ali kalikiliki ndi lamba wa injini. Inalimo. Envulopu ya khaki, chidindo chofiilila pakona, pakati dzina la Kalisto. Zolembedwa pachidindo zinali za Chingelezi, sindinavutike nazo. Ndinaiika m'chitenje.

Sindinaiwelenge. Kuwelenga kalata ya mwini ndi tchimo, abambo a ku parishi ananena poyela. Za kung'amba sindinawamvepo akuletsa. Ndinaitulutsa mu envulopu maso ali kumwamba, ndinaipinda, kuing'amba, kuipindanso, mpaka tizidutswa khumi ndi tiwili. Kutaya pepala labwino chotelo ndi uchitsilu, mapepala okulungila amavuta. Ndinakulungila zitumbuwa. Dzuwa lisanapendeke kalata yonse inali itamwazikana midzi inai, ili noninoni ndi mafuta. Ndinapita kunyumba ndikuvina pang'onopang'ono, dokotala wamkulu wa akavalo.

Lachinai m'mawa Bonaventure anandiitana. "Alamu, nayi ya mlongo wanu, mutengeleko."

Envulopu ya khaki. Chidindo chofiilila. Dzina la Kalisto.

Ndinaima kaye. ASakala sapempha kawili, ndiye iyi si yawo. Ndinakumbuka kuti Christabel nthawi zina amaba maenvulopu a kuofesi kwawo. Ndinati, ee, zotsatila za magazi zafika. Ndinasiya beseni la zitumbuwa, ndinathamanga nayo ndekha, ndi miyendo yangayi, mpaka kukhola kumene Kalisto anali kupesa Dona.

"Welenga mokweza," ndinatelo, "timve mwana."

Anatsegula, nayamba: "Okondedwa Bambo Kalisto, mwaulemu waukulu ine Stanislaus Sakala, pamodzi ndi banja langa..."

Zina zonse sindinazimve. M'makutu munali chigayo. Ngati iyi ndi ya aSakala, ija ndinang'amba inali ya ndani?

Kalisto anapinda kalata, nasisita Dona pamimba nthawi yaitali. "Ndiwayankha Loweluka," anatelo.

"Uwayankha kuti chiani?"

"Mana, munda tikudyawu anatipatsa ndani?"

"Nanga mwana ali m'mimbamu?"

"Tiyenda pang'onopang'ono. Tizipuma." Mawu ake anali ngati a munthu wotonthoza malilo ake omwe.

Ndinabwelela kuchigayo mofulumila kuposa mmene ndinapitila. Ndinamukokela Bonaventure kuseli.

"Alamu, Lolemba munali kalata ya Kalisto m'chitini. Inachokela kuti?"

"Ija ya ku Lusaka? Anasiya ndi dilaiva wa lole yobiliwila. Si munatenga inu? Ndinakuonani ndi diso ili."

Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka ufa unagwa m'nsidze zake, anakhala pansi pa thumba la gaga, anadzukanso, anasekanso. "Ndiye mwachiza kavalo ndi zitumbuwa? Mukandilola chokolo ndikuthandizani kufunafuna."

"Yamba wamela mano. Tiye."

Anazimitsa injini, ndipo tinayenda khomo ndi khomo, nkhalamba ziwili, kufunsa anthu kuti pepala limene munadyela chitumbuwa Lolemba lili kuti. Ena anaganiza kuti ndinathila mankhwala m'zitumbuwa. Amai ena anayamba kugwila pamimba pomwepo. Kachidutswa kamodzi tinakapeza padzala, kena kanatsekela botolo la palafini, kena kali padenga la chimbudzi, ndipo sindinafunse kuti kanali kudikila nchito yanji. Mkulu wina anali atapichila fodya. Tinamupeza atasuta kale theka la mawu a Christabel. Pofika masana tinali ndi tizidutswa tisanu ndi tiwili.

Tinatiyala pa sikelo ya chigayo. Apa ndiye panavuta. Mwanayo analemba mbali zonse ziwili za pepala, ndipo mafuta analowelela mpaka mawu a kuseli ankaonekela kumaso, ena chagada, ena chozondoka. Bonaventure ankawelenga mzele umodzi, ine ndikumva mizele iwili. Titalimbana nazo tinatolapo izi:

"...magazi aonetsa kuti..."

"...katemela ndamupeza, ali m'bokosi la ayezi..."

"...ndidzatsika basi pa Nyimba m'mawa, mudzandichingamile ndi njinga chifukwa ayezi sa..."

"...moni kwa azakhali, musawa..."

"Aonetsa kuti chiani?" ndinafunsa. "Atsika liti? Ndipo musawa chiani? Musawamenye? Musawapatse nyama?"

"Tsiku lili pa kachidutswa kamene kanasutidwa," anatelo Bonaventure. "Kafunseni utsi."

Panalibe kothawila. Ndinatenga tizidutswato m'mbale, ndinakagwada pamaso pa mlongo wanga wamng'ono, amene ndinamubeleka kumbuyo powoloka malile. Ndinamufotokozela za kachilombo, za tikalata, za asayansi, za aSakala. Anandiyang'ana ngati ndikulankhula Chitchaina.

"Ndiye mwati aSakala ndi kachilombo?"

"Ndi fanizo chabe."

"Ndipo inu ndinu mankhwala?"

"Ndinali."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anatenga njinga kuti athamangile ku Nyimba, koma anaima pachipata, chifukwa sanadziwe ngati mwana afika lelo, mailo likubwelali, kapena anafika kale mailo lapitali. Anaganiza zopita Lachisanu m'mawa. Lachisanu m'mawa tayala linali litaphwa, ndipo pamene ankamata chubu dzuwa linakwela.

Cha m'ma thili koloko lole ya thonje inaima pamsewu. Pamwamba pa mabelo panatsika Christabel, tsitsi loyela ndi thonje ngati wakalamba panjila, m'manja bokosi labuluu. Anali atafika pa Nyimba Lachinai m'mawa, tsiku lomwe ine ndinkafukula padzala. Anadikila atate ake mpaka dzuwa kulowa, anagona kwa mnzake wopanda filiji, ndipo lole imene anaipeza inafela panjila kawili. Anatsegula bokosi pamaso pathu. Munali madzi ofunda, timabotolo tikuyandama ngati tinsomba takufa.

"Waonongeka," anatelo. "Atate, kalata yanga simunaione?"

Kalisto analoza mbale ya tizidutswa. Kenako analoza ine.

Ndinafotokozanso kachitatu. Nkhani imeneyi ikamabwelezedwa siikoma. Christabel anagwila m'mutu.

"Azakhali! Si ndinanena kuti mankhwala amenewo ayenela kuidziwa kalata bwinobwino? Kuti akaphonya ang'amba yolakwika?"

"Unanena ndili ku nkhuku."

"Ndiye munaidziwila chiani?"

"Khaki ndi chidindo."

"Maofesi onse a m'Zambia muno ndi khaki ndi chidindo!"

"Ndiye kulakwa ndi kwa maofesi," ndinatelo, koma motsitsa mawu.

Atamva za ukwati, anatembenukila atate ake. Ati magazi aonetsa kuti kachilombo kalimo ndithu, ati Dona akapita ku Nyimba mukumbiletu dzenje lina. Kalisto ati mwana wanga, iwe unabadwila pamunda wa anthu, sudziwa kupempha pogona. Anakangana, wina akulila, wina akuyang'ana pansi. Ine ndinakhala pamtondo ndikuwelenga zala za kumapazi.

Mkangano uli mkati tinamva belu la njinga. ASakala, jekete ndi tayi, dzuwa lonse lija. Koma sanalowe pabwalo. Anaima kutali, pafupi ndi mpanda, njinga ataiika pakati pa iwo ndi ife.

"Odi, Bambo Kalisto!"

"Lowani, bambo, mpando uwu."

"Iai, pano pali bwino."

Kalisto anapita kukawapatsa moni, dzanja patsogolo. ASakala anabisa manja onse awili kumbuyo. Ndinaona dzanja la mlongo wanga likutsala m'malele, kenako likubwelela lokha pang'onopang'ono kukagwila chigongono chinzake.

ASakala anatulutsa envulopu ya khaki, koma sanaipeleke. Anaitsegula okha ndi kuwelenga ataima. Ati kalata iyi ikufafaniza kalata ya pa Lachinai. Ati mkwatibwi akwela lole. Ati kuwonjezela apo, mwaulemu, kavalo asamwenso kudambo kumene amamwa abulu a anthu, ndipo za ichi alengeza ku chalichi Lamulungu. Atatha anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kachidutswa ka pepala konona, atakagwila ndi nsonga za zala.

"Amai kunyumba anagula zitumbuwa Lolemba," anatelo. "Mailo ndimafuna poyesela bolopeni, ndaona pali dzina la Dona." Anawelenga: "...Dona akayandikana ndi abulu a mabele onse angataye. Kachilomboka kamayenda m'mamina, m'ndowa, ngakhale m'manja mwa..." Anakweza maso. "M'manja mwa ndani sindidziwa, pang'ambika. Ine ndili ndi abulu anai, awili ali ndi mabele. Bambo Kalisto, nkhani yotele timamvela pa zitumbuwa?"

Christabel anayamba kufotokoza kuti m'manja mwa aliyense wogwila nyama yodwala osasamba, ndipo sopo amathetsa. Koma aSakala anali atakwela kale njinga. Kalata anaisiya pa mpanda, ataitsindika ndi mwala.

Tinawapelekeza ndi maso. Kenako Christabel anayamba kuseka, misozi ikali m'masaya.

"Ulendo wafa. Abulu sadzayandikila. Atate, ndi zonse zimene ndinalemba!"

"Akana dzanja langa," anatelo Kalisto.

"Ndiye mankhwala anga agwila?" ndinafunsa ine.

"Iai, azakhali. Munang'amba yolakwika."

"Koma ulendo wa Dona wa ku ukwati wafafanizidwa."

"Chifukwa kalata inafika kwa munthu wolakwika."

"Ndiye kung'amba kunathandiza, kapena kusang'ambika bwino?"

"Azakhali, chonde, mutu ukundiwawa."

Lamulungu analengezadi. Kuyambila pamenepo pabwalo la Kalisto panamela udzu. Anthu amene ankabwela kudzabweleka ngolo, kudzaonetsa alendo awo kavalo, kudzangokhala, onse ankadutsa patali akukweza dzanja. Ku chalichi, nthawi yopatsana mtendele, oyandikana naye ankagwila mabuku a nyimbo ndi manja awili. Ku ukwati wa Tiwonge anamuitana ndi kalata, koma anamukhazika kumapeto, pafupi ndi migolo ya madzi. Mlongo wanga anaonda. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mana, zaka zonsezi ndimayesa tinasiya kukhala alendo."

Chilango changa chinali madzi. Popeza kudambo analetsa, Dona ankamwa wa pamjigo, mu ndowa yakeyake, ndipo wotunga ndinali ine. Simudziwa mmene kavalo wa bele amamwela. Ndinkamuuza, "Dona, mwana wakoyo ndi kavalo kapena ndi mvuu?" Iye ankangondipumila m'khutu. Mu Novembala Christabel anabwela ndi katemela wina. Ulendo uno uthenga unadzela pachulu, pa foni yobweleka, ndipo ine anandiuza kuti ndiime pansi pa chulu, kutali.

Mu Januwale, m'mawa wina mvula itagwa, Kalisto anandiitana ndi mawu amene sindinawakonde. Ndinathamangila kukhola. Kamwana kanali pansi pa udzu, konyowa, miyendo ili tambalale, kosagwedezeka. Chimodzimodzi chaka chija. Dona ataima pambali akunjenjemela. Kalisto anatembenuka kukatenga khasu.

Ine ndinagwada. Sindidziwa chimene chinandigwila, ndinatenga kaudzu ndi kukalowetsa m'mphuno mwake, monga ndimachitila ndi Bonaventure akagona pa matumba. Kanayetsemula. Kanadzutsa mutu, kanandiyang'ana ngati kakufunsa kuti nkhalamba iyi ndi ya ndani.

"Kalisto! Bweza khasu!"

Kanayesa kuima, kanagwa chamutu. Kanayesanso, miyendo inayi iliyonse ikupita mudzi wake. Kachitatu kanaima, kanapeza bele la amake. Kalisto anakhala pansi m'matope ndi khasu lake pamiyendo.

Koma Christabel pa foni anati tisavine msanga, ena amabadwa amoyo kachilombo katawalowa kale, amafooka pa masiku atatu. Masiku atatu amenewo sitinapalile. Tinkangoyang'ana nthiti zake. Tsiku lachinai kanamenya ndowa yanga ndi mwendo, madzi onse pansi, ndipo kanathamanga kuzungulila khola mchila uli m'mwamba.

Sabata isanathe, Bonaventure anabweletsa yekha envulopu ya khaki, ataigwila ndi manja awili, akundizungulila patali. ASakala ankapempha, mwaulemu waukulu, chilolezo chodzaona mwana wa kavalo. Kalisto anayankha kuti abwele. Anaika beseni ndi sopo pachipata, ati aliyense wolowa asambe m'manja, potulukanso asambe, malamulo a dokotala. ASakala anavula jekete, anasamba mpaka m'zigongono. Kalisto naye anasamba. Kenako anagwilana chanza, manja akali onyowa, nthawi yaitali ndithu, osayang'anana.

Pa Pasaka Christabel anabwela kudzaona kamwanako. Ndinamukhazika pansi pa mango womwe uja.

"Tsopano undiuze zoona. Chapulumutsa mwanayu ndi chiani? Katemela wako, chidindo cha aSakala, kapena zitumbuwa zanga?"

"Sindidziwa, azakhali. Mwinanso bele ili likanakhala ngakhale popanda zonsezo. Kachilombo sikadzuka chaka chilichonse."

"Ndiye madzi onse aja ndinatungila chabe?"

"Mwina. Mwina iai."

"Nanga asayansi ako afika pati?"

"Akali kuyesa. Pa mbewa zinaoneka bwino, pa akavalo sizinamveke bwino."

"Uwauze kuti ayambe awelenga kalata asanang'ambe. Uti wanena ndi Rosa wa ku Luembe, amene anayesa pa anthu."

Anaseka. Ndipamene ndinatulutsa kachidutswa kamene ndinali kusunga mu buku la nyimbo miyezi yonseyi. "Nanga apa? Moni kwa azakhali, musawa. Musawa chiani?"

Anakayang'ana, nandiyang'ana ine. "Musawabisile kanthu, muwawelengele kalata yonseyi mokweza. Ndi inu amene mukanawaletsa atate kupita ku ulendo uliwonse. Ndimadalila inu."

Nkhuku inalowanso m'lichelo la nsawa. Ulendo uno ndinaisiya idye.

Chitini cha makalata pachigayo tsopano chili ndi loko, kiyi amamangilila Bonaventure m'chiuno. Zitumbuwa ndimakulungila mapepala a kampeni, a zipani zonse mosasankha, aja palibe amene amabwela kudzawafuna. Kamwana kaja Kalisto anakatcha Mateus, dzina la atate. Ine ndimakaitana Chitumbuwa, ndipo kamabwela kwa ine.